Kuika Injini ya Turbo m'Galimoto Yakale Yaliwiro

Kusintha injini ya galimoto kulipo kwa mitundu iwiri. Koyamba n'kodziwika kwa aliyense amene anakhalapo ndi galimoto: injini ikanoka, makaniko amaigwetsa n'kuikamo inzake yofanana nayo, ndipo bawuti iliyonse imalowa pamalo pake. Kwachiwiri ndi kuika injini imene opanga galimotoyo sanaiganizireko n'komwe. Ku Malawi kuno zimenezi zimachitika kawirikawiri pa magalimoto a ntchito, monga Land Rover yakale imene aiika injini ya dizilo ya ku Japan poona kuti masipeya ake savuta kupeza. Palinso nthambi ina ya luso lomweli, yofala ku South Africa, Britain, Japan ndi America, yotenga galimoto yaliwiro ya m'zaka za m'ma 1960 kapena 1970 n'kuipatsa injini yamakono ya turbo. Cholinga chimakhala kuphatikiza kukongola ndi kupepuka kwa galimoto yakale ndi mphamvu komanso kudalirika kwa injini yatsopano.

Pa ntchito yonseyi, kugula injini ndi gawo laling'ono chabe. Galimoto imapangidwa moti chiwalo chilichonse chigwirizane ndi mphamvu ya injini yake. Mphamvu ija ikachulukitsidwa kawiri kapena katatu, giyabokosi, mabuleki, thanki, mawaya, redieta ngakhalenso thupi la galimotoyo zimafunika kuunikidwanso chimodzichimodzi.

Magalimoto ake

Galimoto yaliwiro yakale imadziwika ndi zinthu zitatu: ndi yaifupi msinkhu, ndi yopepuka, ndipo injini yake imayendetsa matayala akumbuyo. Chitsanzo chodziwika ndi MGB, imene inkapangidwa ku Abingdon, m'dziko la England, kuyambira 1962 mpaka 1980. Inali ndi injini ya malita 1.8 yotulutsa mahosipawa pafupifupi 95, ndipo kulemera kwake kunali pafupifupi tani imodzi. Datsun 240Z, imene inatuluka mu 1969, inali ndi injini ya masilinda 6 ya malita 2.4 yotulutsa mahosipawa pafupifupi 150. M'gulu lomweli mulinso Triumph Spitfire, Ford Capri ndi mitundu ingapo ya Alfa Romeo, imene ina inkalumikizidwa ku Brits m'dziko la South Africa mpaka 1985.

Magalimoto oterewa ndi ochepa m'dziko muno. Amene alipo ambiri anabwera ndi alendo odzagwira ntchito kapena ndi Amalawi obwerera kuchokera ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Mu Lilongwe, malo amene galimoto yotere ingakhalitse zaka zambiri osaphwasulidwa ndi monga Area 12, Area 10 ndi Area 43, madera amene anakula mzindawu utakhala likulu la dziko mu 1975. Kumeneku nyumba zili ndi mabwalo aakulu ndi magalaja otseka, choncho galimoto imatha kungokhala itafunditsidwa lona, matayala ataphwa, thupi lake lili bwinobwino. Dzimbiri silivuta kwambiri ngati kumayiko amene amathira mchere mumsewu nthawi yozizira. Chimene chimaimitsa galimotozi nthawi zambiri ndi injini ndi masipeya ake: kabureta yatha, mapisitoni akusowa, ndipo m'masitolo a ku Biwi kapena ku Old Town, mmene mwadzaza zida za Toyota ndi Nissan, palibe amene amasunga zida za injini ya ku Britain ya mu 1970. Maganizo osintha injini amayambira pamenepa.

Kumene lusoli linachokera

Kuika injini yaikulu m'galimoto yaing'ono kunayamba kalekale, ndipo ena mwa magalimoto otchuka kwambiri anabadwa mwa njira imeneyi. Mu 1962 Carroll Shelby wa ku America anatenga galimoto yopepuka ya ku Britain yotchedwa AC Ace n'kuikamo injini ya V8 ya Ford, ndipo inatuluka ndi AC Cobra. Mu 1973 kampani ya MG nayo inayamba kugulitsa MGB GT yokhala ndi V8 ya Rover ya malita 3.5. Chifukwa choti inali ya aluminiyamu, injini imeneyi inkapepuka kuposa ya masilinda 4 imene inachotsedwamo, ndipo galimoto inapeza mphamvu popanda kulemera kumutu.

Kum'mwera kwa Africa lusoli linazika mizu ku South Africa. Mu 1970 Basil Green wa ku Johannesburg anaika V8 ya malita 5 mu Ford Capri n'kuitcha Capri Perana, ndipo inkagulitsidwa kudzera mwa ogulitsa magalimoto a Ford. Mu 1985 fakitale ya BMW ya ku Rosslyn inatulutsa 333i, galimoto yaing'ono yokhala ndi injini ya malita 3.2 yochokera m'galimoto yaikulu ya kampaniyo. Injiniyo inadzaza malo onse, moti wogula ankayenera kusankha chimodzi pakati pa makina oziziritsa mkati ndi chiwongolero chofewa, popeza zonse ziwiri sizikanakwanamo. Nkhani imeneyi imasonyeza kuti ngakhale akatswiri a kufakitale sathawa vuto la malo.

Turbo inabwera ndi njira ina yopezera mphamvu popanda kukulitsa injini. Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa luso limeneli mu 1905, koma linafika m'magalimoto ang'onoang'ono ogulitsidwa kwa anthu mu 1962, mu Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair. BMW 2002 Turbo ya mu 1973, Porsche 911 Turbo ya mu 1975 ndi Saab 99 Turbo zinalitchukitsa ku Ulaya. Pofika m'zaka za m'ma 1990, makampani a ku Japan anali akupanga injini za turbo zambiri zolimba, ndipo ndi zimenezi zimene lero zimapezeka pamsika wa injini zogwirapo kale ntchito.

Mmene turbo imagwirira ntchito

Mphamvu ya injini imachokera ku mafuta amene apsa, ndipo mafuta sangapse popanda mpweya. Petulo amafuna mpweya wolemera kuwirikiza ka 14.7 kulemera kwake kuti apse yense. Injini wamba imakoka yokha mpweya pamene pisitoni ikutsika, choncho kukula kwa masilinda ndi kumene kumaika malire a mphamvu yake. Turbo imadutsa malire amenewa pokankhira mpweya wambiri m'masilinda omwewo.

Turbo ili ndi timagudumu tiwiri ta mapiko tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kagudumu koyamba, ndipo kachiwiri kamakoka mpweya wakunja n'kuupanikiza polowa mu injini. Timagudumuti timatha kuzungulira koposa ka 150,000 pa mphindi imodzi, pamene utsi umene ukutizunguza umatentha kufika madigiri 900. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo mpweya wotentha umachepa mphamvu komanso umachititsa petulo kuphulika nthawi yake isanakwane. N'chifukwa chake umayamba wadutsa mu intercooler, chida chooneka ngati redieta chimene chimauziziritsa. Palinso kavalavu kotchedwa wastegate kamene kamapatutsa utsi wina mpweya ukafika pa mlingo woikika, kuopa kuti injini ingadziphe ndi mphamvu yake yomwe. Injini zambiri zochokera kufakitale zimapanikiza mpweya pakati pa bar 0.5 ndi bar 1.

Ku Lilongwe turbo ili ndi phindu lina lapadera. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo tawuni ya Dedza ili pamwamba kuposa pamenepo. Mpweya wa kumtunda ndi wopyapyala, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 aliwonse. Ndiye kuti MGB yoyenda mu Presidential Way imakhala itataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene ikanakhala nayo ku Beira. Turbo imabwezeretsa yambiri mwa mphamvu imeneyi pongozungulira mofulumirako. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene turbo imakondedwera ku Johannesburg, mzinda umene uli pamwamba kwambiri kuposa Lilongwe.

Kusankha injini

Injini yoyenera imasankhidwa poyang'ana kukula kwake, kulemera kwake, mbali imene imayang'ana, ndi kapezekedwe ka masipeya. Magalimoto ambiri amakono amayendera matayala akutsogolo ndipo injini zake zimakhala mopingasa. Galimoto yaliwiro yakale imafuna injini yogona mulitali, giyabokosi ili kumbuyo kwake. Injini yopingasa ikhoza kutembenuzidwa, koma pamafunika mbale yolumikizira giyabokosi ina ndi kusintha mapaipi ambiri.

SR20DET ya Nissan, ya malita 2 ndi masilinda 4, imene inkaikidwa mu Silvia ndi 200SX, imakondedwa chifukwa ndi ya aluminiyamu, ndi yaifupi, ndipo imatulutsa mahosipawa pakati pa 200 ndi 250. Toyota 1JZ-GTE, ya malita 2.5 ndi masilinda 6, imene inkaikidwa mu Mark II ndi Chaser, imatulutsa pafupifupi 280, koma ndi yaitali komanso yolemera chifukwa thunthu lake ndi lachitsulo. Imakwana mu Datsun 240Z, imene inapangidwira injini yaitali, koma mu MGB siingalowe popanda kudula kwambiri. Injini ya 1.8T ya Volkswagen ndi Audi imapezeka mosavuta ku South Africa. Ford EcoBoost ya malita 2.3, imene inaikidwa mu Mustang kuyambira 2015, imapitirira mahosipawa 300, koma kompyuta yake ndi kapopedwe kake ka mafuta n'zovuta kuziyendetsa kunja kwa galimoto imene inabwera nayo.

Mbali imene turbo ili nayonso ndi nkhani. Ku Malawi magalimoto amayenda kumanzere ndipo chiwongolero chili kumanja. Pa injini za JZ, ekizozi ndi turbo zili kudzanja lamanja, komweko kumene kumadutsa chitsulo cha chiwongolero ndi kumene kuli kabotolo ka mafuta a mabuleki. Pa SR20DET turbo ili kumanzere, kutali ndi zonsezi. Kusiyana kooneka kochepaku kumatha kuwonjezera masabata a ntchito.

Njira yabwino yogulira injini ndi imene amalonda amaitcha half-cut: galimoto imadulidwa pakati ku Japan ndipo mutu wonse umatumizidwa, muli injini, giyabokosi, mawaya, kompyuta ndi timasensa tonse. Wogula injini yokhayokha amatha miyezi akusakasaka mapulagi a mawaya ndi tizida tina tating'ono timene sitigulitsidwa patokha. Katundu wotere amadzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, kapena ku Durban ndi Johannesburg n'kudutsa ku Tete mpaka pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo pachipata amalipiridwa msonkho ku MRA. Asanaikidwe, injini imayesedwa mphamvu ya silinda iliyonse, ndipo kachitsulo ka turbo amakagwedeza ndi chala kuti aone ngati sikakusewera.

Kuikhazika injini

Injini imatsitsidwa m'malo mwake ndi kutulutsidwa kangapo asanawotcherere chilichonse. Imayenera kukhala pansi ndiponso kumbuyo momwe zingathekere, kuti kulemera kusaunjikane kutsogolo kwa matayala. Galimoto yolemera kumutu imakana kukhota, ndipo ikataya khalidwe limeneli ndiye kuti yataya chimene chimaipangitsa kukhala yokoma kuyendetsa.

Choyamba kugunda ndi sampu, chibekete cha oyilo cha pansi pa injini, chimene chimakumana ndi chitsulo chopingasa chonyamula matayala akutsogolo. Injini zina zili ndi masampu a mitundu ingapo, ozama kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo kusankha yoyenera kumathetsa vuto. Zikakanika sampu imadulidwa n'kuwotchereredwa mwatsopano pamodzi ndi paipi yake yokokera oyilo. Kutsitsa injini kulinso ndi malire ake. Mahampu a m'misewu ya mu Lilongwe ndi maenje amene amabwera ndi mvula amatha kuboola sampu ya aluminiyamu kamodzi n'kamodzi, n'chifukwa chake pansi pamaikidwa mbale yachitsulo yoteteza.

Zogwiriziza injini zimapangidwa ndi manja, kuchokera ku chitsulo chochindikala ndi labala. Amisiri owotcherera ndi osema zitsulo a ku Kanengo, ku Biwi ndi ku Mchesi ntchito imeneyi amaidziwa, popeza ndi yomwe amachita pa malole ndi maminibasi. Chofunika kusamala ndi shafiti yopita kumatayala akumbuyo. Imadulidwa kapena kutalikitsidwa, kenako imayesedwa pa makina kuti kulemera kwake kufanane mbali zonse. Kupendekeka kwa giyabokosi kuyeneranso kufanana ndi kwa difu, chida chogawira mphamvu kumatayala akumbuyo. Zikasiyana ngakhale ndi madigiri ochepa, galimoto imanjenjemera ikathamanga ndipo mfundo za shafiti zimatha msanga.

Mafuta, mawaya ndi kompyuta

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimaimira. Kabureta imalandira petulo wongokankhidwa pang'ono, pafupifupi bar 0.3. Injini ya mainjekita imafuna pafupifupi bar 3, ndipo yothira petulo mwachindunji m'silinda, monga EcoBoost, imafika bar 150 kapena kuposa. Choncho pamafunika pampu yatsopano, mapaipi olimba, sefa, ndi njira yobwezera petulo wotsala kuthanki. Thanki yakale nthawi zambiri ilibe zotchinga zokwanira mkati. Galimoto ikakhota mwamphamvu petulo amathawira mbali imodzi, pampu n'kukoka mpweya. Injini ya kabureta zikatero imangotsokomola, koma ya turbo imene ikukoka ndi mphamvu yonse ikaperewedwa mafuta imatha kusungunula pisitoni m'kanthawi kochepa. Mankhwala ake ndi kathanki kakang'ono kowonjezera kamene kamakhala kodzaza nthawi zonse.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Kusakanizaku kunayamba mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo PressCane ya ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ethanol amathandiza petulo kupirira kupanikizidwa, zimene injini ya turbo imakonda. Kuipa kwake n'koti amadya labala wakale, amakoka chinyezi, ndipo amasukula zinyalala za m'thanki imene yakhala zaka zambiri. Mapaipi onse a mafuta amayenera kukhala amakono, ndipo thanki imatsukidwa kapena kusinthidwa. Petulo wa m'zigubu, amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, ndi woopsa kwa injini yotere chifukwa sadziwika chimene wasakanizidwa nacho.

Kumbali ya magetsi, magalimoto ena a ku Britain a chiyambi cha m'ma 1960 anali ndi dayinamo, ndipo waya wolumikizidwa kuthupi la galimoto unali wa positive. MGB inali chomwecho mpaka 1967, ndipo inkayendera mabatire awiri a mavoti 6 obisika kumbuyo kwa mipando. Kompyuta ya injini siingagwire ntchito pa mawaya otere, ndipo nthawi zambiri galimoto yonse imalukidwa mawaya atsopano.

Kompyuta ya kufakitale imabwera itakonzedwa kale bwino, koma ya injini za posachedwa imakana kuliza injini ikapanda kumva kiyi wake, dashibodi yake ndi makompyuta ena a galimoto imene inachokeramo. Njira ina ndi kugula kompyuta yoima payokha, monga Spitronics ndi Dicktator za ku South Africa kapena Haltech ya ku Australia. Imeneyi imabwera yosadziwa kanthu za injiniyo, ndipo katswiri amailembera kuchuluka kwa petulo ndi nthawi yothethetsa moto pa liwiro lililonse. Ntchito yotere imachitika bwino pa makina oyezera mphamvu, pamene matayala amazungulira galimoto ili pamalo amodzi. Makinawa ndi akatswiri ake ndi ambiri ku Gauteng. Amagetsi a galimoto a mu Lilongwe anazolowera kufufuza zovuta pa makompyuta a kufakitale, limene ndi luso losiyana ndi kulemba kompyuta kuyambira pachiyambi. Pa chifukwa chimenechi, injini ya m'zaka za m'ma 1990 yobwera ndi kompyuta yake ndi mawaya ake ndi imene ili ndi mwayi waukulu woyenda zaka zambiri kuno.

Kutentha

Mphamvu yochuluka imabwera ndi kutentha kochuluka. Kamwa ya galimoto yakale ndi yaing'ono, koma tsopano iyenera kudyetsa mphepo redieta yaikulu, intercooler, mwinanso choziziritsa oyilo. Mphepo ikalowa iyeneranso kupeza potulukira, apo ayi imangounjikana pansi pa boneti. Mipata ya m'mbali mwa redieta imatsekedwa kuti mphepo isalambalale, ndipo pamaikidwa fani yamagetsi. Turbo imaphimbidwa ndi malata otchinga kutentha, makamaka ikayandikana ndi mapaipi a mabuleki, chifukwa mafuta a mabuleki akawira phazi limangolowa mpaka pansi.

Mayeso enieni sachitikira m'misewu yamithunzi ya ku Area 12. Amachitikira pa mndandanda wa magalimoto wa ku Old Town masana a mu Okutobala, ndiponso pokwera zitunda kuchokera ku Salima kubwera ku Lilongwe. Fumbi la m'chilimwe limafuna sefa ya mpweya yotsekedwa m'bokosi, osati yoonekera, popeza mchenga umalumula mapiko a turbo. Oyilo ayenera kukhala wabwino ndi wosinthidwa pa nthawi yake. Galimoto ikachokera ulendo wothamanga, injini imasiyidwa ikulira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri isanazimitsidwe, kuti oyilo asapserere m'kati mwa turbo.

Giyabokosi, mabuleki ndi thupi

Injini ya turbo imapotokola shafiti ndi mphamvu yaikulu ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono. Giyabokosi yakale, kilatchi ndi difu zimene zinapangidwira mahosipawa 95 sizikhalitsa pa mahosipawa 250. Nthawi zambiri giyabokosi yobwera ndi injini ndi imene imagwiritsidwa ntchito, ndipo ngalande yake pansi pa galimoto imakulitsidwa. Difu imasinthidwa ndi yolimba, makamaka ya mtundu wogawira mphamvu kumatayala onse awiri, kuti tayala limodzi lisamangopukusa.

Mabuleki amafunika kukonzedwa injini isanalire n'komwe. Ntchito ya mabuleki imakula mofulumira kuposa liwiro: kuimitsa galimoto yothamanga makilomita 140 pa ola kumafuna pafupifupi kuwirikiza kawiri mphamvu yoimitsira yothamanga makilomita 100. Magalimoto ambiri akale ali ndi madiramu kumbuyo, ndipo ena ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, moti paipi imodzi ikabooka matayala onse anayi amasowa mabuleki. Pamafunika madisiki aakulu, njira ziwiri zosiyana, matayala amakono, mashoko ndi masipuling'i ogwirizana ndi kulemera kwatsopano.

Thupi nalo limayesedwa. MGB ndi 240Z zilibe chasisi chapadera. Thupi lenilenilo ndi limene limanyamula zonse. Kuika mphamvu yotere m'thupi lodyeka ndi dzimbiri kuli ngati kufolera matailosi pa khoma la zidina. Malo onse odyeka amadulidwa n'kuikamo chitsulo chatsopano, ndipo pamene difu ndi masipuling'i zimagwira pamalimbitsidwa. Ngakhale zonsezi zitachitika, galimotoyo imakhalabe yopanda ma airbag, yopanda ABS, ndi yopanda kompyuta yoiwongola ikaterereka. Pa msewu wa M1, pamene pamayenda njinga, ngolo, ziweto ndi anthu apansi, malire enieni a liwiro samachokera ku injini.

Malamulo ndi mapepala

Galimoto iliyonse yolembetsedwa ku Malawi imadziwika ndi nambala ya chasisi ndi nambala ya injini, ndipo zonsezi zimasungidwa ndi nthambi ya boma ya DRTSS, imene imagwiritsa ntchito dongosolo la pakompyuta la MalTIS. Injini ikasinthidwa, nambala yatsopano iyenera kulowa m'mapepala a galimoto. Mwini wake amasunga risiti yogulira injini ndi zikalata za msonkho, zimene ndi umboni woti injiniyo si yakuba. Nambala zikapanda kugwirizana, mavuto amabuka popita kukatenga COF, pogulitsa galimoto, ndiponso potuluka nayo m'dziko.

Kampani ya inshuwalansi iyenera kuuzidwa za kusinthaku. Mgwirizano wa inshuwalansi umadalira kuti mwini galimoto waulula zonse zofunika, ndipo kampani ikhoza kukana kulipira ikapeza kuti galimoto imene inalembedwa ndi injini ya malita 1.8 ili ndi ina ya mphamvu yowirikiza katatu. Mayiko ena amasiyanitsa galimoto yakale yeniyeni ndi yosinthidwa. Ku Britain, kuyambira 2018, galimoto yopitirira zaka 40 siikakamizidwa kupita ku mayeso a chaka ndi chaka, pokhapokha ngati inasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazo, ndipo kuika injini ya mtundu wina kumawerengedwa m'gulu limeneli.

Mtengo ndi mtsutso

Pafupifupi chida chilichonse cha ntchitoyi chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ntchito imene imatenga chaka kapena ziwiri imapeza mitengo itasintha isanathe. Ndalama zogulira zida zozungulira injini, kuphatikizapo za amisiri, kawirikawiri zimaposa za injini yeniyeniyo. Pogulitsa, ndalamazi sizibwerera zonse, ndipo galimoto yosiyidwa pakati, injini yakale itachotsedwa yatsopano isanalire, imatsika mtengo kuposa mmene inalili poyamba.

Okonda magalimoto akale amagawanika pa nkhaniyi. Bungwe la padziko lonse la FIVA limati galimoto ya mbiri ndi imene yakwanitsa zaka 30 ndipo yasungidwa mmene inapangidwira. Kwa otsatira maganizo amenewa, kulira kwa injini, fungo lake ndi mmene imakokera ndi mbali ya mbiriyo, ndipo galimoto yokhala ndi injini yake ya kufakitale, nambala zikugwirizana, imagulidwa pa mtengo wapamwamba. Enanso amati galimoto inapangidwira kuyenda, ndipo yoyenda ndi injini ya Nissan iposa yowolera pansi pa mtengo wa mango. Ku America, kampani ya Singer, imene inayamba mu 2009, imamanganso Porsche 911 zakale ndi zida zamakono n'kuzigulitsa pa mitengo yokwera kwambiri, umboni woti msika wa magalimoto osinthidwa mwaluso ulipo.

Pakati pa mbali ziwirizi pali njira zina. Injini yakale ikhoza kukonzedwanso ndi masipeya oitanitsa, popeza zida za MGB zimapangidwabe ku Britain. Ikhoza kupatsidwa moto wamagetsi amakono ndi mipando ya mavalavu yolimba yogwirizana ndi petulo wopanda mtovu, amene analowa m'malo mwa wakale m'chigawo chino cha Africa cha m'ma 2006. Injini yamakono yopanda turbo, ya mahosipawa pafupifupi 150, imachepetsa mavuto a kutentha ndipo siilemetsa difu ndi mabuleki mopitirira.

Chosankha chimadalira galimoto yake. Yosowa kwambiri, imene idakali ndi injini yake ndi mapepala ake oyambirira, imapindula ikasungidwa momwemo. Yopangidwa yambiri, imene injini yake inafa kale kapena inasowa, ndi imene imayenera ntchito yosintha. Akatswiri ambiri amalangiza kupanga zogwiriziza zomanga ndi mabawuti, kupewa kudula thupi pamene n'kotheka, kujambula ndi kulemba waya uliwonse kuti makaniko wina adzathe kutsatira, ndi kusunga injini yakale pamalo ouma itathiridwa oyilo m'masilinda, kuti mwini wake wam'tsogolo akadzafuna adzathe kuibwezeretsa.